Ezelina wa Achemwali Anga

Ndikukumbukira tsiku limene achemwali anga a Tiwonge anabwera kunyumba sukulu isanatseke. Anatsika pa pikapu ya matola pamsewu wa ku Mwazisi, fumbi lili mbuu m'tsitsi ndi m'nsidze, sutikesi yachitsulo pamutu, ndowa m'manja. Ine ndinali Sitandade 2, ndipo ndinathamanga kukawachingamira mtima uli pa mabisiketi amene ankatibweretsera pa holide. Mabisiketi panalibe. Anandipatsira ndowa ija osandiyang'ana n'komwe. Titafika pakhomo amama anangowayang'ana kamodzi, n'kulowa m'khitchini, n'kukhala momwemo mpaka dzuwa linapendeka.

Zinali zaka zoyambirira za matipate, sukulu ya pulaimale itangokhala kumene yaulere, ana atadzaza mpaka pansi pa mitengo. Adada anali ahedi a pulaimale ya kwathuko komanso mkulu wa mpingo. Iwo anali Mtumbuka wa konko, amama a ku Dowa, n'chifukwa chake m'nyumba mwathu tinkalankhula Chichewa chothiramo Chitumbuka apo ndi apo. A Tiwonge ndiwo anali chonyadira cha adada. Anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, ndipo anali atafika Fomu 3. Lipoti lawo linkayenda m'thumba la jekete la adada, ndipo analiona ngakhale amayi ogulitsa tomato amene sanalifunse. Tsono mwana ameneyu ndi amene anabwera ndi pakati. Ine ndi mng'ono wanga Towera anatiuza kuti achemwali akudwala. Ndinakhulupirira kwa milungu iwiri, kenako anzanga a pamjigo anandimasulira matendawo.

Chimene aliyense m'nyumbamo ankafuna kudziwa chinali chimodzi, ngakhale palibe amene ankachitchula: kodi akadzachira adzabwerera kusukulu? Kunkamveka kuti masiku amenewo mtsikana akhoza kulandiridwanso ngati kholo lake lapita kukamulankhulira kwa ahedi a kusekondale. Kholo lake linali adada. Ndipo kwathu mwana wamkazi sankaima pamaso pa adada n'kupempha kanthu. Ukafuna sopo unkauza amama, amama n'kudikira adada adye, asambe m'manja, ndiye n'kuyambira kutali ndi nkhani ya mvula. Ya sukuluyi amama anaiyesa kamodzi. Anabwerako maso ali psu, ndipo sanaiyesenso.

Adada sankamenya mwana, iwo chilango chawo chinali chauphunzitsi. Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, anatuluka kuchipinda ndi kabuku kakang'ono kokutidwa ndi pepala la thumba la simenti. Anakaika pamphasa patsogolo pa achemwali.

"Uziwawerengera ang'ono akowa Lamulungu lililonse, mokweza, kuti aphunzirepo kanthu."

Mawu amene ndinamva adada akulankhula kwa a Tiwonge m'miyezi yonse imeneyo ndi omwewo basi.

Ndiye chinakhala chizolowezi. Lamulungu masana tinkayala mphasa pakhonde, amama n'kutiikira lichero la mtedza kuti manja asakhale chabe. Mphepo inkabweretsa fungo la fodya wouma kuchokera m'chigafa cha aneba, ndipo Towera ankakhalira kudzimenya m'miyendo kuthamangitsa akashembe, ntchentche zoluma zochokera kunkhalango ya Vwaza. Kumapeto kwa khonde lomwelo adada ankakhala pampando wawo ndi mulu wa makope a Sitandade 8, bolopeni yofiira ili m'manja, magalasi ali pamphuno. Achemwali ankakhala atatambalala, chitenje atamanga m'mwamba, n'kutsegula kabuku kaja.

Munali nkhani ya mtsikana dzina lake Ezelina. Ezelina anali wanzeru chomene, masamu ankangowamwa ngati thobwa, koma anachimwitsidwa ali kusekondale ndipo anamubweza kwawo. Mpaka apa ine sindinkasangalala, chifukwa zoterezo tinali nazo kale pakhomo. Kukoma kunayamba Lamulungu lachiwiri. Bambo ake a Ezelina anadzuka m'mamawa, anavala jekete, anapopa njinga, n'kuuyamba ulendo wa kusekondale. Anapalasa tsiku lonse. Panjira anakumana ndi njovu itaima pakati pa msewu, iwo anatsika, anavula chipewa, n'kuiuza kuti, "Pepani akuluakulu, ndili pa ulendo wa mwana," ndipo njovu inapatuka. Atafika, ahedi anawakhazika pabenchi kuyambira m'mawa mpaka belu lomaliza, koma iwo sanachoke. Atawalowetsa anati, "Mwana wanga walakwa, koma mutu wake sunalakwe." Mawu amenewa ine ndi Towera tinkawanenera limodzi ndi achemwali, mokuwa, ngati ndime yoloweza ya ku Sande sukulu.

Kenako Ezelina anabwerera. Mwana anamusiyira amayi ake. Anzake ankamuseka, iye n'kukhala kumbuyo kwa kalasi osayankha, mpaka tsiku la zotsatira pamene dzina lake linaitanidwa koyamba. Pomaliza anakhala dokotala, n'kubwera kumudzi pa galimoto yoyera, ndipo woyamba kukwera anali bambo ake aja, njinga yawo atayimangirira pamwamba.

Abale, ndinalikonda bukulo. Ndinkawerengera masiku kuti Lamulungu lifike. Likatha ndinkati ayambirenso, ndipo pakati pa sabata ndinkawatsata achemwali kumjigo ndi kumunda ndikuwaumiriza kuti andiuze pang'ono chabe za njovu. Iwo ankati buku lili kuchipinda kwa adada, silituluka mpaka Lamulungu. Nthawi zina nkhani inkasintha. Lamulungu lina njinga inaphwa tayala ndipo bambo aja anaikankha wapansi, pomwe sabata yapitayo inafika bwinobwino. Ndikadandaula achemwali ankati, "Limenelo ndi tsamba lina, iwe, sitinaliwerenge." Ine n'kukhutira. Kabuku koonda ngati chikho cha dzanja kanatitengera miyezi inayi, ndipo sizinandidabwitse n'kamodzi komwe.

Popeza zinalembedwa m'buku, ndipo bukulo anatipatsa ndi adada eni ake, ine ndinkadziwa kuti ndi mmene zidzakhalire. Ndinkaganiza kuti adada akutiphunzitsa zimene adzachite. Ndinayamba kuilondera njinga yawo. Ndinkaipukuta masipoko ndi kansanza popanda wondituma, ndi kudina matayala ndi chala kuona ngati ali ndi mpweya. Lamulungu lina, achemwali atangofika pamene bambo aja anavala jekete, ndinaswa lamulo la pakhomo. Ndinatembenukira kumpando kuja n'kufunsa, "Adada, nanga inu mupita liti?" Achemwali anazolikira m'buku. Adada anachonga kope limodzi mpaka kumapeto, analitseka, ndiye anati, "Mphatso, pita ukatunge madzi." Mitsuko yonse inali yodzaza, koma ndinapita.

Tsikulo linafikadi. Linali Loweruka, mwana wa achemwali atakwanitsa mwezi. Ndinadzuka n'kupeza adada atavala jekete, buluku atamanga ndi mphira m'miyendo, akupopa njinga. Ndinathamangira kuseri kwa nyumba kumene achemwali ankachapa matewera, ndikuvina. "Anyamuka! Apita kwa ahedi!" Iwo anaima, thovu likuchucha m'manja, n'kuzungulira nyumba kukaona. Tinaima awiri pakona, kuwayang'ana adada akutsetsereka kupita kumsewu. Njira ya kusekondale inali yokhotera ku Rumphi. Adada atafika pamsewu anakhotera ku Katowo. Ine ndinati mwina pali njira yachidule. Achemwali anabwerera ku matewera awo.

Ku Katowo ndi kumene kunali kwawo kwa mnyamata amene anawapatsa pakati achemwali. Patapita milungu iwiri, azakhali anabwera kudzawaperekeza a Tiwonge kubanja, sutikesi yomwe ija pamutu, mwana kumbuyo. Kabuku kanalowa m'bokosi lachitsulo la adada, lokhoma ndi loko, ndipo kwa zaka zambiri sindinakaonenso. Ndinalira, koma ndiulule zoona: theka la misozi yanga linali la Ezelina, poti panalibenso wondiwerengera.

Ine sukulu ndinapitiriza, ndipo lero ndimaphunzitsa Chichewa pa sekondale ina ku Lilongwe. Akandifunsa chimene chinandikondetsa mabuku, ndakhala ndikutchula kabuku kameneka kwa zaka zonsezi. Ana a m'kalasi mwanga nkhani ya njovu yopatuka amaidziwa. Ndinakafunafuna m'masitolo a mabuku ndi kwa anyamata oyala mabuku m'mbali mwa msewu, koma ungafunse bwanji buku limene sudziwa mutu wake? Mwana wanga Temwa ndinamulonjeza kuti ndikadzakapeza kadzakhala kake.

Adada anamwalira, amama anali atatsogola kale. Chilimwe chathachi tinakumana ku Mwazisi kukamanga chiliza, ndipo mwambo utatha achemwali anafulumira kubwerera ku Katowo chifukwa amasoka zovala ndipo inali nyengo ya mayunifolomu. Ine ndi Towera tinatsala kuti tigawe katundu. Loko wa bokosi lija tinachita kuphwanya ndi nyundo. Munali masatifiketi, nyimbo za mpingo, tayi wodyedwa ndi njenjete, ndipo pansi penipeni panali pepala la simenti lija. Ndinakuwa ngati mwana. Temwa anali atangosankhidwa kupita Fomu 1, ndiye ndinati Mulungu wandipatsa mphatso yomupatsa pa nthawi yake.

M'mawa mwake ndinakhala pa chikwama changa m'mbali mwa msewu kudikira galimoto ya ku Rumphi. Ndinati ndilaweko tsamba limodzi. Dzina la Ezelina linalipo, sekondale inalipo, pakati panalipo. Ndinamwetulira n'kutembenuza tsamba kuti ndikumane ndi njinga.

Njinga munalibe. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinati mwina masamba amatana. Ndinawerenga manambala a masamba, onse anali otsatana bwino. Bambo ake a Ezelina analimodi, ataima pakhomo, koma zimene ananena zinali zakuti, "Ndilibe mwana dzina lake Ezelina." Pansi pa mzere umenewu panali mizere iwiri ya bolopeni yofiira. Dzanja limenelo ndinkalidziwa, ndi lomwe linasaina malipoti anga onse.

Ndinawerenga mothamanga, ndikufunabe njovu, ndikufuna benchi, ndikufuna galimoto yoyera. Ezelina wa m'bukumo anathamangitsidwa, anapita kutauni, mwana wake anamwalira, iye anayamba kuyendayenda m'mabala, anadwala, anawonda, n'kufera pakhonde la chipatala popanda womutseka maso. Wolembayo ankachita kukondwera nazo. Tsamba lililonse ankaima n'kutembenukira kwa owerenga kuti, mwaona atsikana inu. Chichewa chake chinali chouma, anthu ake osapuma mpweya, ongoikidwa kuti alangidwe. Ine monga mphunzitsi buku loterolo sindingalipatse ngakhale theka la malikisi. Ndipo kumapeto kunali mafunso. Funso loyamba linali loti titchule zinthu zitatu zimene Ezelina analakwa, ndipo pambali pake adada anachongapo.

Ndinatseka kabukuko. Masamba ake anali makumi anayi okha, owerenga ola limodzi. Ndiye kuti miyezi inayi ija, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mimba ili apo, ankayang'ana mawu akuti ndilibe mwana, maso ake ali pa mzere wofiirawo, pakamwa pake n'kumatuluka jekete ndi njinga. Ndipo ine chitsiru ndinkawombera m'manja ndi kunena kuti ayambirenso. Ndinachita manyazi oti sindinawachitepo. Kenako ndinapsa mtima, osadziwa kuti ndikupsera yani, adada, wolemba bukuyo kapena ine ndemwe.

Galimoto ya ku Rumphi inabwera, kondakitala anatsika n'kugwira chikwama changa. Ndinamulanda. Ndinawoloka msewu n'kukadikira pikapu yopita ku Katowo.

Achemwali ndinawapeza pakhonde la golosale pamene amaikapo makina awo, tepi ili m'khosi, akusoka siketi ya buluu. Tsitsi lawo layamba imvi. Mwamuna wawo uja anapita ku Joni mwana asanayambe sukulu ndipo sanabwerenso, ndiye makinawa ndi amene analera mwanayo. Atandiona anadabwa.

"Iwe Mphatso, si umati ukupita ku Lilongwe? Kwagwanji?"

Ndinatulutsa kabuku kaja n'kukaika pa makina. Phazi lawo linaima. Sanakagwire, anangokakankha pang'ono ndi sizasi kuti kasadetse nsalu ya eni.

"Ndawerenga," ndinatero. "Mulibe njinga. Mulibe njovu. Achemwali, munkatinamiza."

Anaseka pang'ono. "Wadziwa lero? Mphunzitsi wathunthu iwe?"

"Koma chifukwa chiyani? Munkaopa kuti tilira?"

"Inu?" Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. "Inu munali ana, mukanamvera ngakhale ndikanawerenga pepala la mankhwala a fodya. Sindinkawerengera inu ayi. Ndinkawerengera adada. Ndikanawapempha bwanji? Pakhomo paja panali njira ina yolankhulira nawo?"

Ndinakhala pansi pa sitepe. Adada bukulo ankalidziwa mzere ndi mzere, anachita kulichonga okha. Ndiye kuti kuyambira Lamulungu lachiwiri ankadziwa kuti palibe liwu limodzi lochokera m'bukumo.

"Ndiye sanakuletseni?"

"Sanandiletse. Chimenecho ndi chimene chinkandipatsa mtima. Ndinkati akanakhala kuti sakufuna akanandilanda buku. Ndiye sabata iliyonse ndinkawakonzera njira. Ndikaganiza kuti akuopa mtunda, ndinkaphwetsa tayala kuti aone kuti munthu amafika ndi wapansi. Ndikaganiza kuti akuopa manyazi, ndinkatalikitsa benchi. Ndinawapatsa ngakhale mawu okanena. Ankangofunika kukwera njinga basi."

Anatembenuza nsalu n'kuyambanso kupalasa makina. Pamsewu pankadutsa atsikana a sekondale yoyendera atavala yunifolomu, akuseka, wina akudya mzimbe. Achemwali anandilozera ndi chibwano wamtali wa kumbuyo. Anati ameneyo ali ndi mwana wa chaka chimodzi, amamusiyira agogo ake, ndipo siketi wavalayo anamusokera ndi iwo, yokulirapo m'chiuno. Masiku ano zoterezi sizidabwitsanso munthu. Ngakhale pa sukulu yathu alipo angapo, amabwera ndi kalata, ife n'kuwaonetsa pokhala. Chimene achemwali anachipempha kwa miyezi inayi kudzera mwa njovu, lero chimatheka ndi fomu ya tsamba limodzi, ndipo pena amabwera nayo ndi bambo ake a wophunzirayo, osavula n'chipewa chomwe. Ndinayang'ana mtsikanayo mpaka anakhota, ndipo sindinathe kukondwera naye monga ndimayenera.

Ndinafunsa ngati adada anadzatchulapo nkhaniyi. M'miyezi yawo yomaliza amene anawadwazika anali a Tiwonge, ife a kutauni tinkangoimba foni. Iwo ndi amene ankawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa phala.

"Kamodzi," anatero. "Kutatsala masiku atatu. Ndinali nditawatulutsa pakhonde kuti aothere dzuwa. Anandiitana dzina, n'kunena kuti, 'Tiwonge, nkhani ija unkawerengera ana ija, tandiuzenso. Bambo uja atafika kwa ahedi anati chiyani?'"

Ndinadikira. Achemwali anadula ulusi ndi mano, n'kuyang'ana msoko wawo mbali zonse ziwiri.

"Munawauza?"

"Ndinawauza kuti ndinaiwala. Kenako ndinawamwetsa phala lawo, ndipo anamaliza lonse."

Kabuku kaja ndinabwerera nako ku Lilongwe chifukwa achemwali anakana kuti kagone m'nyumba mwawo. Temwa anandichingamira pageti, ndipo funso lake loyamba linali loti kodi buku la Ezelina ndalipeza. Kanali m'chikwama chomwe iye anandilandira. Ndinamuuza kuti amene analemba bukulo ali ku Katowo, amasoka mayunifolomu, ndipo analekezera Fomu 3.